Nkhuku za Ulendo wa ku Israyeli

Kande,
Lachiwiri masana.

Lusungu mwana wanga,

Kalata yako yafika, taiwerenga, ndipo ndiiyankha yonse. Koma undilole ndiyambe ndasangalala kaye. Chiyambire tsiku lija udatiuza kuti dzina lako latuluka pa ophunzira a zamalonda opita ku Israyeli, ine mapazi sakugunda pansi. Mayi ako akuti ndikumathira shuga kawiri m'makapu a makasitomala, ndipo tiirumu yathu igwa iwe usanakwere n'komwe ndege. Sakunama. Dzulo ndidapatsa munthu tiyi wopanda masamba, iye n'kumwa osadandaula poona mmene ndimamwetulira. Mwana wa munthu wocheka mitengo ya labala akukaona mafakitale a kutsidya kwa nyanja zamchere, atatumidwa ndi yunivesite. Ndikanena mawu amenewa ndekha kuseri kwa uvuni ndimaseka ngati wopepera.

Kalatayi ndapatsira anamwino a pachipatala chathu, amene akukwera basi ya mawa, kuti ikupeze usananyamuke. Ya papositi ikadafika iwe uli kale m'mitambo.

Tsono ku nkhani yako. Walemba kuti pobwerera uko sufika kuno, udzatsalira ku Blantyre kwa mnzako mpaka sukulu itsegulidwe, chifukwa ine ndakusenzetsa mudzi wonse pamutu ndipo ulibe choti udzawapatse. Mayi ako atamva mawu amenewo adagona ndi njala. Ine ndidakwiya pang'ono, kenaka ndidachita mantha, chifukwa ndidaona kuti ukunena zoona.

Udandipempha kuti nkhaniyi ikhale yam'nyumba. Ndidaisunga kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, ndipo uyenera kundiyamika, chifukwa pakamwa pamandiyabwa ngati ndadya chilazi chosapsa. Koma m'tchalitchi, itakwana nthawi ya zolengeza, mlembi adafunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Ndidangozindikira ndaimirira. Ndidati mutipempherere, mwana wathu akupita ku Israyeli. Lusungu, ukadaona. Amayi a kutsogolo adayamba nthungululu, a kumbuyo adayamba kulira, poti agogo ena ankadziwa kuti Yerusalemu ali kumwamba ndipo amayesa ndikulengeza maliro. Abusa adachita kuimirira n'kufotokoza kuti ndi dziko lapansi pompano, lokhala ndi misewu ndi mabasi.

M'mawa mwake anthu adayamba kufika. Woyamba adali mkulu wa mpingo, a Manda, atapanira tambala m'khwapa, botolo lamankhwala lotsukidwa bwino lili m'thumba la jekete.

"Ada Mbewe, aka n'kakamba ka mwana," adatero. "Ndipo akakafika ku Yordano, timadzi pang'ono m'botolomu. Osadzaza ayi, tingamulemetse."

Pambuyo pawo padabwera ena, yense ndi nkhuku, kapena lichero la ufa wa kondowole, kapena usipa wouma, ndipo yense ndi kamawu kake komalizira. Wina dothi la ku Yerusalemu. Wina wotchi yapamkono. Wina mpango wakumutu, wina mbewu ya mphesa, ndipo mnyamata wa pagalaja uja akufuna wailesi yogwira masiteshoni akunja. Mayi ako adandikokera kukhitchini.

"Bambo a Lusungu, nkhukuzi musalandire."

"Bwanji? Anthu akutikonda."

"Zaka zonsezi muli kuno simudadziwebe? Kamba wa kuno amapita n'kubwerera."

Sindidawamvere. Kwathu ku Dedza munthu akakupatsa mbatata yapaulendo, mwathana, umadya n'kuiwala. Ndidalandira zonse, ndidamanga kakhola kena, ndipo ndidakulembera monyada kuti nkhuku zako zadzaza bwalo. Mayi ako adachita kundikhazika pansi kalata yako itafika. Adandikumbutsa kuti amuna a kuno akamapita ku Jubeki ndi ku Halale ankapatsidwa kamba chomwechi, ndipo pobwera ankatsegula sutukesi abale onse atazungulira, aliyense akudikira chake. Amene zidawavuta kumeneko ankaopa tsiku limenelo. Ankati ndipita chaka chamawa sutukesi ikadzaza, chaka chamawa n'kukhala chaka chamawa, mpaka anthu n'kuyamba kuwatchula kuti matchona. Mayi ako adati, "Mwana wanga wayamba kuyankhula ngati iwo, asanachoke n'komwe." Apo m'pamene nkhuku zija zidasiya kundikongolera.

Zimene ndachita nazo ndikuuza kumapeto. Ndiyambe ndakutuma zanga, chifukwa nanenso ndili ndi zofuna, kungoti zanga sizilowa m'sutukesi.

Choyamba, ukandionere malalanje. Alangizi a zaulimi amene amamwa tiyi pano Lachisanu lililonse akuti malalanje a kumeneko amakwera sitima mpaka ku Ulaya n'kukafika ali bwinobwino. Ine nkhani imeneyi imandisowetsa tulo, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa pang'ono. Chaka chimene ndidasiya ntchito kuesiteti ya labala, iwe ukukwawa, ndidaona mango akuolera pansi Kande yense, nkhumba zomwe zitatopa nawo. Ndidati anthu a kuno ngogona, ku Lilongwe mango amagulidwa. Ndidathyola akupsa okhaokha, okongola, ofiira m'masaya, ndidadzaza madengu, ndidagwirizana ndi dalaivala wa lole. Za msewu sindidafunse munthu. Tidakapeza mlatho wina kummweraku madzi atakokolola, magalimoto ali mndandanda. Tsiku loyamba ndinkaimba nyimbo. Lachiwiri mango adayamba kuchucha. Lachitatu njuchi za dera lonselo zidadziwana kuti kwabwera mwambo, ndipo dalaivala adanditsitsa pamodzi ndi katundu wanga. Ndidafika kuno ndikununkha ngati mbiya ya kachasu, mayi ako n'kundilozera kunyanja kuti ndikasambe ndi zovala zomwe. Ndiye iwe ukafika kumene amalongedza malalanjewo, usakangosirira makina. Ukafunse kuti amathyola atafika pati, amakulunga ndi chiyani, amasunga potani, ndipo sitima ikachedwa amaluza ndani. Ukamvetsetse bwino, Lusungu, chifukwa mango aja mpaka lero akuolerabe pansi.

Chachiwiri ndi midzi ija akuti anthu amalima pamodzi, kudyera khitchini imodzi, n'kugulitsa zokolola ngati munthu mmodzi. Walemba kuti mukagonako masiku angapo. Apa ndiye utsegule maso kwambiri, chifukwa bambo akowa adayesapo zogwirira pamodzi ndipo sadathe mwezi. Ndidalowa nawo m'khoka la amalume ako. Tsiku loyamba tidakoka nsomba zoti sindidaonepo, ndipo ine ndidaima pamchenga ndi dengu langa, mumtima ndikugula kale malata. Kenaka ndidaona nsomba zikuyenda. Aliyense amene adagwirako chingwe adatapa. Mayi wamasiye adatapa. Ana adatapa, wodutsa ndi njira adatapa, za abusa adapatula. Ndidafuula kuti kodi khokali tidagula tonse? Amalume ako adandiyang'ana modekha n'kufunsa kuti, "Alamu, nyanjayi mudalima ndinu?" Gombe lonse lidaseka, ine n'kutulukamo m'khokamo ndi mkwiyo. Patapita nthawi ndidaona kuti anthu otapa aja ndi omwewo amene amathamanga khoka likakodwa pamwala, ndi omwewo amasoka likang'ambika, osaitanidwa. Komanso ndidaona kuti amalume ako malata adachedwa nawo zaka zambiri. Mpaka pano sindidziwa kuti pakati pa ine ndi iwo adalondola ndani. Mwina anthu a ku Israyeliwo adapeza njira yoti munthu agawane ndi anzake koma malata n'kugulabe. Ukawafunse kuti waulesi amatani naye, wofuna kutuluka amatuluka ndi chiyani, ndipo akakangana amaweruza ndani. Ukafunse amene adzakulandireni atavala bwino, koma ukafunsenso amene udzamupeze akutsuka mbale kuseri.

Usaiwale kufunsa, mwana wanga. Iwe uli ndi kamtima ka mayi ako kosafuna kuoneka wosadziwa. Kumeneko palibe amene akukudziwa, ndiye funsa mpaka atope nawe.

Tiirumu imene yakulipirira sukuluyi idachokera pa mlatho uja wa mango. Ndili khale pambali pa msewu, njuchi zikundizungulira, ndidaona mayi wina atayatsa moto pansi pa mtengo, ali ndi ketulo imodzi ndi makapu anayi. Aulendo onse otsekeredwa aja ankamwa kwa iye, ine ndemwe ndidamwa. Adalibe lole, adalibe madengu, koma pa anthu tonse tidali pamenepo ndi iye yekha amene mlathowo udamukomera. Nditafika kuno n'kusamba, ndidawauza mayi ako. Iwo adati nkhani ya nzeru m'ulendo wonsewo ndi yokhayo, ndipo adapempha mgolo wakale kuesiteti n'kuusandutsa uvuni wa masikono. N'chifukwa chake ndikuti, mwini fakitale aliyense amene akakuonetseni zake, ukamufunse kuti asanayambe zimenezi chidamukanika n'chiyani. Akakati palibe, ukangomuthokoza mwaulemu n'kupita kwa wina. Ine ndikufuna udzandiuze za amene adagwapo, kuti adadzuka bwanji, ndipo adamukhulupiriranso ndani atagwa.

Palinso ka mapaipi. Alangizi aja akuti kumeneko amalima m'chipululu ndi timapaipi todontheza madzi patsinde pa mbewu, dontho limodzilimodzi. Ine ndidawatsutsa, ndidati mukutinamiza poti sitidapiteko. Ife nyanja ili pakhomo, koma mwezi wa Okutobala tomato ndimachita kuitanitsa kutali. Ukakaziona ugwade pansi, ngakhale anzako aseke, uone kabowoko kukula kwake ndi chimene amachita kakatsekeka. Ndipo akakupatsani nsomba ya m'nyanja ya Galileya, ukalawe bwino. Akuti ndi mbale wake wa chambo. Amalume ako akuti n'zosatheka, ndipo takangana kale kawiri.

Tsono zina zing'onozing'ono. Akakufunsa za kwathu kuno, uzinena za nyanja, za chinangwa ndi za mvula. Pagulu lililonse lotuluka kunja pamakhala mmodzi wonyamula makutu a anthu ena, ndipo sakhala ndi chizindikiro pamphumi. Wandimva. Atsikana a kumeneko ukawaona atavala mathalauzi, uwaone ndi maso okha, lamulo la kuno ukulidziwa. Anzako akati tiyeseko tijambulitse, iwe ukhale wogwira kamera, chifukwa chithunzi chimafika kumene mwini wake sadafike. Abusa akuti Loweruka kumeneko masitolo amatseka ndipo mabasi sayenda, ndiye zofuna kugula uzigulira Lachisanu kukadali m'mawa. Chakudya chikakhala chachilendo idya ndithu, sunapitire kukasala. M'ndege mayi ako akuti usakhale pawindo. Ine ndikuti ukhale pawindo pomwepo, udzatiuze ngati nyanja yathu imaoneka.

Ndalama yochepa imene akupatseni yam'thumba ndi yako. Ukagule chakudya, sopo, ndi kabuku kolembamo. Usakagulire munthu aliyense kanthu, ngakhale ine, ngakhale mayi ako. Ndikubwereza, Lusungu: aliyense.

Ndikutero chifukwa nkhuku ndabweza.

Ndidayamba Loweruka m'mawa, dengu kumbuyo kwa njinga. Ntchito yoyamba idali kudziwa kuti iyi n'njayani, poti ine nkhuku zonse ndimaziona chimodzimodzi. Mayi ako adaima pakhola n'kumaloza, iyi ya akuti, yamawangayi ya akuti, ngati mphunzitsi akuitana mayina. Ina idali itaikira, ndidaibweza ndi mazira ake. Ina, ndisabise, tidali titadya kale, ndiye m'malo mwake mudapita tambala wanga wofiira uja. Ufa ndi usipa zidabwerera m'malichero momwe zidabwerera.

Pakhomo lililonse ndimanena mawu amodzimodzi: mwana akupita kusukulu, sakupita kumigodi, kumeneko sakalandira malipiro, ndipo wolakwa ndine amene ndidalandira. Ndimawauzanso kuti ukabwera udzakhala pakhonde la tiirumu Loweruka lathunthu, aliyense adzafunse chimene akufuna, tiyi adzakhala waulere. Ena amaseka n'kulandira. Mnyamata wa pagalaja adati wailesi angoiwala, koma udzamuuze ngati kumeneko amawotcherera zitsulo ndi magetsi kapena ndi gasi. Ena nkhope zimagwa. A Manda adandisiya chiimire pabwalo nthawi yaitali asanatuluke.

"Ada Mbewe, kubweza kamba n'kutukwana. Kwanu ku Dedza mumatero?"

"Kwathu sititero, ada. Kuno n'komwe sindidaonepo."

"Nanga mwayambiranji?"

"Ndikufuna mwana wanga adzatsike basi pano osayang'ana pansi."

Adalandira tambala wawo. Botolo adati ndisiye pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo sadabwere kudzamwa tiyi, iwo ndi anzawo awiri a benchi la kutsogolo, ndipo ndikadutsa pamsika ndimamva nkhani ikuduka. Zikundiwawa, sindikubisira, chifukwa a Manda ndi amene adandilandira mumpingo muno ndili mlendo wosadziwa ndi moni yemwe wa Chitonga. Koma adzabwera. Munthu amene akufuna kudziwa ngati Yordano ndi wamkulu kuposa mtsinje wathu wa Luweya sangapirire kunyumba tsiku limene iwe udzakhale pakhondepo. Lolemba mayi ako adati sangandisiye ndichite manyazi ndekha, adamanga chitenje chawo cha kutchalitchi n'kunditsatira pambuyo pa njinga, ndipo makomo amene adatsala tidayenda awiri.

Khomo lomaliza tafikako lero m'mawa, kwa NyaChirwa, mayi uja amakhala yekha kufupi ndi zithaphwi zoviikamo chinangwa. Ukumudziwa, amene ankakuthamangitsani mukamaba magwafa ake. Chikhalire sadagulepo kapu ya tiyi kwa ine, amati ndimasungunula. Tidampeza akusenda chinangwa. Nditatsitsa thadzi lake lakuda, sadaimirire n'komwe.

"Icho n'chiyani?"

Ndidayamba mawu anga aja, akupita kusukulu, sakupita kumigodi. Adandidula.

"Ada Mbewe, ine ndidapempha kanthu?"

Ndidayang'ana mayi ako. Adapukusa mutu. Zoona, pa anthu onse aja, iye yekha adangosiya nkhuku pakhonde n'kubwerera.

"Amuna anga adakwera sitima ine ndili ndi pathupi poyamba," adatero, mpeni osauika pansi. "Mudzi wonse udawapatsa kamba, ine ndemwe ndidawaphera nkhuku. Obwerako ankati ali moyo, akugwira m'hotela ku Jubeki, akungodikira sutukesi idzaze. Mwana uja adabadwa, adakula, pano ali ndi imvi. Sutukesi ikudzazabe."

Kenaka adaloza thadzi lija ndi mpeni.

"Iyo si yopitira, ndi yobwerera. Kaisungeni. Tsiku limene adzatsike basi mudzanditumire mwana, ndidzabwera kudzaipha ndekha. Ndikufuna ndidzaoneko munthu atabwera."

Mayi ako adalira pomwepo, ine ndidanamizira kumanga dengu. Tabwerera nalo thadzilo, ndipo pamene ndikulemba pano lili m'khola lokhalokha, likudya gaga wanga.

Ndiye pita, mwana wanga. Pita ukaone zonse, ukafunse, ukadye, ukaseke, ukakwere ndegeyo ngati udabadwiramo. Ndakunyadira mpaka ndachita zopusa, ndipo ukadzapitanso kwina ndidzachitanso zina. Koma ulendo ukatha usakatsalire ku Blantyre. Palibe amene akukudikira ndi manja otambasula, tatsala ndife atatu, ine, mayi ako ndi NyaChirwa, ndipo tonse tikufuna chinthu chimodzi. Ukakwere basi ya kunyanja, utsikire pa Kande. M'sutukesimo mukhale zovala zako zakuda basi, mayi ako adzachapa.

Ndine bambo ako,
amene pakamwa sipatsekeka.